Za Ulendo wa pa Ndege Wochokera ku London

Anthu akale sanali kuyesa kutalika kwa njira ndi makilomita kapena mailosi ayi. Munthu akafunsa kuti kwakutikwakuti n'kutali motani, wodziwa njira anali kumuyankha kuti, "Mugona kawiri, ndipo tsiku lachitatu dzuwa lili pamutu mwafika." Mayankhidwe amenewa anali anzeru ndithu, pakuti wapaulendo afuna kudziwa kamba amene ayenera kunyamula, ndi midzi imene adzapemphamo malo ogona, ndi tsiku limene adzaonana ndi abale ake. Masiku ano kuli ndege zowoloka maiko ndi nyanja, ndipo ambiri ayesa kuti funso lakalelo linatha ntchito. Koma silinathe.

Pakati pa London, mzinda waukulu wa ku England, ndi Johannesburg, mzinda wa migodi ya golide umene anthu opita kuntchito anali kuutcha Joni, pali makilomita pafupifupi 9,000. Kutchula chiwerengero chotere n'kwapafupi, koma kuchimvetsa n'kwapatali. Mwana wa sukulu atenge sileti yake, ayese chotere. Mwamuna wamphamvu wopanda katundu wolemera akhoza kuyenda makilomita 30 pa tsiku. Kugawa 9,000 ndi 30 kupatsa masiku 300, ndiyo miyezi 10, osapuma tsiku ndi limodzi lomwe, osadwala, osalasidwa ndi minga. Ndipo pamenepo nyanja ya mchere ndi chipululu cha Sahara sizinawerengedwe monga zopinga. Munthu wonyamuka chimanga chili kumera akadafika anzake atakolola kale, ali kusosa minda ya chaka china. Kapena mwanayo ayese ndi nyanja ya Malawi, imene utali wake uli makilomita ngati 580: ziyenera kulumikizana nyanja zotere 15, ndi kachigawo pamwamba pake, kuti njirayo ikwanire.

Ndege yaikulu ya masiku ano iyenda makilomita ngati 900 pa ola limodzi, ndiwo makilomita 15 pa mphindi imodzi. Ulendo umene mwamuna uja auyenda kuyambira m'bandakucha kufikira dzuwa litapendeka, ndege iutha pa mphindi ziwiri. Tsono kugawa 9,000 ndi 900 kupatsa maola 10. Koma ndege siyamba ndi liwiro lake lonse. Ikwera pang'onopang'ono, ndipo pofika itsikanso pang'onopang'ono, nthawi zina nizungulira m'mwamba kulindira kuti inzake iyambe yatera. Chifukwa chake ulendo wa ku London kufikira ku Johannesburg utenga maola ngati 11.

Njira yochokera ku England kudza kumwera kwa Africa sinafupike chiyambire. Mapiri ndi zipululu zili pomwe zinali. Chimene chasintha ndi nthawi. M'chaka cha 1875, E. D. Young ndi Robert Laws ndi anzawo ananyamuka ku London m'mwezi wa Meyi, atatenga sitima yaing'ono, dzina lake Ilala, yophwasulidwa zidutswazidutswa. Anayenda panyanja ya mchere kudzera ku Cape Town, nalowa m'Zambezi ndi m'Shire, ndipo pa mathithi a Shire amtengatenga mazanamazana anasenza zitsulo za sitimayo. Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi pa 12 Okutobala, ndipo alendowo anamanga misasa yawo ku Cape Maclear. Inapita miyezi pafupifupi 5. Pambuyo pake sitima za pamadzi zinakula ndi kufulumira, kotero kuti chaka cha 1940 chisanafike sitima za makalata zinali kuchoka ku Southampton ndi kufika ku Cape Town pa masabata awiri.

Oyamba kuchoka ku England ndi kufika ku Cape Town pa ndege anali amuna awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, m'chaka cha 1920. Ananyamuka pa 4 Febuluwale, nafika pa 20 Malichi, atatha masiku 45. Ndege yawo yoyamba inagwa usiku kufupi ndi malire a Egypt ndi Sudan. Yachiwiri inagwa ku Bulawayo pofuna kunyamuka. Anatsiriza ulendo ndi yachitatu. Koma chodabwitsa n'chakuti pa masiku onse 45 aja, amunawo anakhala m'mlengalenga maola osakwana 110, ndiwo masiku 4 ndi theka. Masiku otsala 40 anathera pansi, m'kukonza zothyoka, m'kulindira zitsulo, m'kufunafuna mafuta, ndi m'kugona. Wowerenga asunge chimenechi m'mtima, pakuti chidzaonekanso.

M'chaka cha 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kutenga makalata ndi anthu kuchokera ku London kufikira ku Cape Town pa masiku 11. Alendo anali kusintha ndege kangapo, ndipo chigawo china cha ku Ulaya, kuchokera ku Paris kufikira ku Brindisi, anali kuchiyenda pa sitima ya panjanji. Usiku anali kugona pansi, m'nyumba za alendo. Ndegezo zinali kutera ku Mpika ndi ku Broken Hill, kumene lero kuli Kabwe, m'dziko la Zambia. M'zaka za 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinali kutera ku Cape Maclear, komwe kuja a pa Ilala anafikira zaka 74 zapitazo, ndipo ulendo wawo wonse kuchokera ku Southampton kufikira kufupi ndi Johannesburg unali wa masiku 4 ndi theka. Asodzi a m'mabwato anaona chimbalame chachitsulo chikung'amba madzi pamene makolo awo anaona sitima yoyamba.

Pa 2 Meyi 1952 inanyamuka ku London ndege ya mtundu watsopano, dzina lake Comet, yoyamba ya injini za jeti kunyamula anthu olipira. Inatenga alendo 36, nitera ku Rome, ku Beirut, ku Khartoum, ku Entebbe ndi ku Livingstone, nifika ku Johannesburg itatha maola 23 ndi mphindi 40. Comet sinali yaulesi ayi, pakuti inali kuyenda makilomita oposa 700 pa ola. Nanga n'chifukwa ninji inatha maola oposa kawiri a ndege ya lero? Chifukwa mafuta ake sanali kufika patali. Inayenera kutera kasanu kuti imwe, ndipo njira yake inakhotakhota potsata mabwalo amene anali ndi mafuta. Ndege zazikulu za masiku ano zisunga mafuta m'mapiko ndi m'mimba mwake, zina oposa matani 100, ndipo injini zake sizimwa mosakaza. Liwiro lokha silinaonjezeke kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1960. Inalipo ndege ina, Concorde, imene kuyambira 1976 kufikira 2003 inali kuuluka makilomita oposa 2,000 pa ola, ndi kuchoka ku London kufika ku New York pa maola 3 ndi theka. Koma inali kudya mafuta ambiri, ndipo tikiti yake anali kuikhoza olemera okha, kotero kuti inalekedwa. Chimene chinafupikitsa ulendo wa ku Johannesburg kuchokera pa tsiku lathunthu kufika pa usiku umodzi ndicho kuleka kutera panjira.

Kunali mayi wina, namwino, wogwira ntchito m'chipatala china cha mu London. Kwawo kunali kumudzi wina wa kuseri kwa mapiri a Dedza. Tsiku lina m'mwezi wa Januwale mlongo wake anamuimbira lamya nati, "Achemwali, atate adwala kwambiri, ndipo ali kutchulatchula inu. Ngati mukhoza kubwera, bwerani msanga." Mawuwo anachoka ku Dedza nafika ku London m'kuphethira kwa diso. Koma thupi la munthu siliyenda pa lamya. Mayiyo anapempha tchuthi kuntchito, nafuna tikiti. Opita ku Malawi ena adzera ku Addis Ababa, ena ku Nairobi, ena ku Johannesburg. Iye anapeza malo pa ndege ya ku Johannesburg.

Anatuluka m'nyumba Lolemba, 3 koloko masana, ngakhale ndege inali ya 7 koloko madzulo. Pabwalo la Heathrow munthu ayenera kufika nthawi ikadalipo, pakuti pali kuonetsa pasipoti, ndi kuyesa katundu pasikelo, ndi kufufuzidwa m'zikwama, ndi kuima pamizere yaitali. Chotero maola 4 anatha iye asanasendere kwawo ndi phazi limodzi lomwe.

Ndege itanyamuka inakwera kufikira mamita ngati 11,000. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili mamita 3,002; tsono ndegeyo inali pamwamba koposa mapiri atatu otere osanjikizana. Ikwera chotero chifukwa kumwambako mpweya uli wopepuka, suikaniza kwambiri, ndipo mafuta sapita ambiri. Ndiponso mitambo yambiri ya mvula itsala pansi. Kunja kwa zenera kuzizira kufika madigiri 50 pansi pa mlingo umene madzi aundana, ndipo mpweya wake sukwanira munthu kupuma; chifukwa chake makina apopera mpweya wofunda m'kati, ndi mazenera satsegulidwa. Alendo anadya chakudya cha madzulo pa timatebulo topinda, nyali zinazimitsidwa, ndipo ambiri anafunda mabulangete nagona.

Mayi uja sanapeze tulo msanga. Kutsogolo kwa mpando wake kunali kagalasi koonetsa mapu, ndi kachithunzi ka ndege pamapupo, ndi chiwerengero cha makilomita otsala. Iye anali kuyang'ana kachithunziko. Ndege inali kuthamanga makilomita 15 pa mphindi, koma pamapu inali kukwawa monga nkhono. Inawoloka France, niwoloka nyanja ya Mediterranean, nilowa pamwamba pa Sahara. Pamenepo pansi panada bii, osaoneka moto kapena nyali ya mudzi, ola ndi ola. Munthu wa mtima wopumula ayesa maola 11 kanthu kochepa, pakuti agona nadzuka atafika. Koma kwa munthu amene atate ake ali gone pamphasa, ola lililonse likhala ngati tsiku. Ndipo m'mwambamo analibe womuuza ngati odwalawo akali moyo. Pokhala namwino, anadziwa kuti kukhala pansi nthawi yaitali kutupitsa miyendo, ndipo mwa ena magazi aundana m'mitsempha. Chotero anali kunyamuka kawirikawiri, nayenda pakati pa mipando, namwa madzi. Ngakhale oyendetsa ndege sakhala maso usiku wonse: paulendo wautali kawirikawiri akhalapo atatu kapena anayi, napumula mosinthana.

Njira yolunjika yodutsa pakati pa Africa sinali yotseguka kwa onse masiku onse. Kuyambira chaka cha 1963 maiko ambiri a mu Africa analetsa ndege za South African Airways kuuluka pamwamba pawo, chifukwa cha malamulo a tsankho a dziko limenelo. Ndegezo zinayenera kuzungulira cha kumadzulo, pamwamba pa nyanja ya Atlantic, ndi kutera pazilumba, monga chilumba cha Sal ku Cape Verde. Zinatero kufikira tsankholo litayamba kugwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'mwamba mulibe mitsinje kapena mapiri opinga njira, koma milandu ya anthu ifikamo ndithu, nitalikitsa ulendo.

Zilipo zina ziwiri zosokoneza chiwerengero cha pasileti, ndizo mphepo ndi dzuwa, koma mayiyo sizinamuvute kwambiri, popeza ulendo wake unali wochokera kumpoto kulinga kumwera. Kumwamba kumene ndege ziyenda kuli mphepo zamphamvu zoomba kuchokera kumadzulo kulinga kum'mawa. Ndege yochoka ku New York kupita ku London ikankhidwa kumbuyo ndi mphepozo, ndipo ifika msanga ndi ola ngati limodzi koposa yochoka ku London kupita ku New York, chinkana njira ili imodzimodzi. Munthu wopalasa bwato adziwa kusiyana kwa kutsata madzi ndi kukwera nawo. Kunena za dzuwa, silitulukira maiko onse nthawi imodzi, pakuti dziko lili lozungulira ndipo litembenuka. Kuyambira chaka cha 2020 ndege za Singapore Airlines ziuluka pakati pa Singapore ndi bwalo lalikulu la New York osatera panjira, makilomita oposa 15,000, pa maola 18 kapena kuposerapo. Mawotchi a mizinda iwiriyi asiyana maola 12 kapena 13, kotero kuti mlendo afika thupi lake likufuna tulo pamene eni dziko ali kudzuka, ndipo apita masiku angapo asanazolowere. Koma London ndi Malawi asiyana maola awiri okha m'Januwale, ndi ola limodzi pakati pa chaka, pamene a ku England asendeza mawotchi awo.

Ndege inawoloka nkhalango za ku Congo, nigwedezeka pang'ono podutsa pafupi ndi mitambo ya mabingu, ndipo mayiyo anawodzera. Podzidzimuka anaona kuti zenera la kudzanja lamanzere lafiira. Kunali kucha. Anayang'ana pamapu, naona kuti ndege yalingana ndi dziko la kwawo, lili kutali kum'mawa, kumene dzuwa linali kutulukira. Kumeneko akazi anali kukoleza moto, ndipo m'nyumba ina anthu anali atachezera ndi wodwala. Koma ndege si basi yakuti munthu agogode ndi kupempha kutsika. Inapitirira kumwera, ndipo kwa maola pafupifupi awiri inali kumuchotsa kwawo, kilomita ndi kilomita.

Anatera pa bwalo la O. R. Tambo ku Johannesburg Lachiwiri m'mawa. Wotchi yake inati 6 koloko, koma ya pakhoma inati 8 koloko, ndipo anaikonza yake. Anaimba lamya, namva kuti atate agona movutika, koma alipo. Analindira maola atatu, nakwera ndege yaing'ono yobwerera kumpoto makilomita pafupifupi 1,500, amene ambiri mwa iwo anali atawayenda kale m'mawa womwewo. Itatha maola awiri ndi theka inatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, nthawi ili 1:30 masana. Anatuluka namva fungo la dothi lonyowa, ndipo mumtima anati wafika. Kumudzi kunatsala makilomita osakwana 140, amene ndege yaikulu ija ikadawatha pa mphindi 10.

Ola limodzi linatha m'kudinditsa pasipoti ndi kulindira katundu. Ola lina linatha pa galimoto yopita mumzinda wa Lilongwe, popeza msewu unadzaza. Padepoti anapeza minibasi ya ku Dedza muli anthu asanu okha, ndipo kondakitala anali kufuula kuitana ena. Mwini minibasi sayenera kudzudzulidwa pa ichi, pakuti mafuta agula ndi ndalama za okwera, ndipo mipando yopanda anthu silipira. Ngakhale eni ndege awerengera chimodzimodzi. Koma wolindira saona chilungamo chimenechi. Minibasi inadzaza 5 koloko, niyenda ndi kuimaima, kutsitsa uyu ndi kukweza uyo, ndipo pofika pa boma la Dedza kunali kutada, mvula ili kugwa.

Mlongo wake anamuchingamira pamenepo, nalandira chikwama. Mayiyo anati, "Achimwene, tiyeni tipeze njinga yamoto, tipite usiku womwe uno." Koma iye anati, "Iyayi, achemwali, mtsinje wadzaza. Ine ndawoloka masana madzi ali m'chiuno, ndipo mvula yagwanso kumapiri. A kabaza onse akana." Mayiyo anaumirira, nanena kuti adzalipira kawiri. Anyamata a njinga anapukusa mitu. Munthu amene anawoloka nyanja ya Mediterranean ndi mtsinje wa Congo osanyowa phazi anaimitsidwa ndi kamtsinje kamene m'chilimwe ana akawoloka akusewera. Anagona kwa mbale wawo wina pa boma pomwepo, lamya ili pafupi ndi khutu.

M'mawa mvula inali itakata. Njinga zinawatula pagombe la mtsinje, ndipo analindira pang'ono kufikira madzi atatsika kufika m'mawondo. Anavula nsapato, nawoloka atagwirana manja, chikwama chili pamutu pa mlongo wake, natsiriza njira yotsala wapansi m'matope. Analowa m'mudzi Lachitatu, 9 koloko m'mawa. Mwana wa sukulu atengenso sileti. Kuyambira pamene mayiyo anatseka chitseko ku London kufikira pamene anaodira pakhomo la atate ake anapita maola 40. Mwa amenewa, a m'mlengalenga anali 13 ndi theka okha. Makilomita 9,000 anatha pa maola 11, koma 140 otsiriza anatenga maola 19 ndi theka. Monga anachitira van Ryneveld ndi Brand, nthawi yake yambiri inathera pansi.

Anapeza atate ake ali gone, ataonda, koma maso ali kuona ndi nzeru zili bwino. Anagwada pambali pa mphasa, nawagwira dzanja, ndipo mwa chizolowezi cha ntchito yake zala zake zinayamba kuwerenga kugunda kwa mtsempha. Atalonjerana, nkhalambayo inafunsa ndi mawu otsika, niti, "Mwana wanga, mwagona kangati panjira?"

Iye anati, "Kawiri, atate. Kamodzi m'mwamba, kamodzi pa boma."

Nkhalambayo inakhala chete kanthawi, niti, "Ine ndili mnyamata, popita ku Salima wapansi kukagula nsomba, ndinali kugonanso kawiri. Kani ku London kuja n'chimodzimodzi ku Salima?" A m'nyumbamo anaseka, ndiko kuseka koyamba m'nyumba imeneyo pa sabata lathunthu. Pamenepo mayiyo anapempha madzi osamba m'manja, natuma mlongo wake kuti akatenge mapepala onse a kuchipatala, awaone.